Ababa Athu Akunja

Achemwali anga a Eneresi,

Musaseke. Ndikudziwa kuti mwatsegula envulopu iyi mukuganiza kuti muli mndandanda wa zinthu zoti mudzanditumizire mukakafika ku Joni. Mulibe. Za nsapato mudzaona nokha, saizi mukuidziwa. Muno muli malangizo.

Lamulungu lija abale atasonkhana kwathu, amayi aang'ono a Fanesi ananena pamaso pa onse kuti poti amalume anatisiya, mwamuna wotsala pa mbumba ino ndi ine, ndipo mwana wamkazi sachoka pamudzi asanalangizidwe ndi mwinimbumba. Anthu anaseka. Inu munaseka kuposa onse, munati, "Mwinimbumba wa Fomu 3, yemwe ndinkamuchapira matewera?" Ine ndinangoyang'ana pansi. Koma amayi aang'ono sankaseka, ndiye ntchitoyi ndaitenga monga anandipatsira. Pakamwa sindingathe, mukundidziwa. Ndalemba.

Ndakhala pa mwala uja wa kuseri kwa sukulu, pomwe munda wa tiyi umayambira. Anzanga apita ku mpira. Kalatayi ndikupatsani pamanja ndikafika kunyumba, ndipo muiwerenge lero lomwe. Mukaisunga kuti mukawerengere m'basi, ikhala yopanda ntchito.

Nkhani yake ndi imodzi. Mawa m'mawa wakabaza akamakupititsani ku siteji ya Luchenza, mudutsa pa mphambano ya kumalayini, ku nyumba za antchito a pa esiteti kumene Ababa amakhala. Ndikupempha kuti mumuuze aime, mutsike, muwatsanzike Ababa. Papita miyezi inayi inu osalankhula nawo. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa: Ababa sanabatizidwe, salowa m'tchalitchi, amathira ufa pansi pa mtengo wa mpoza, ndipo inu mukuti munthu wotere kumwamba alibe malo. Ine si m'busa kuti ndikutsutseni. Zomwe ndili nazo ndi zolakwa zanga basi. Amayi aang'ono akuti wolangiza amaonetsa zipsera zake, osati za anzake, ndiye nazi zanga.

Cholakwa changa choyamba chinali cha mawu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ku Sande sukulu, m'kachipinda kaja kopanda chitseko. Aphunzitsi anati aliyense anene komwe makolo ake amapemphera. Itafika nthawi yanga ndinatchula Amayi, ndipo ndisanapitirize mtsikana wina kumbuyo anati, "Abambo ake ndi akunja." Ine ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinati, "Eya, ndi akunja. Amagona kunja tsiku lililonse, ali ndi chijasi ndi tochi ya kampani." Ndinkanyadira, achemwali. Ndinkaganiza kuti akunja ndi udindo wa pa esiteti, monga akapitawo kapena a m'fakitale. Ena amagwira ntchito m'kati, ena kunja, ndipo akunja ndiwo olimba mtima chifukwa mlonda saopa mdima kapena mvula. Aphunzitsi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kenaka anandifotokozera bwinobwino, mwachifundo ndithu, kuti akunja ndi anthu omwe ali kunja kwa khola la Ambuye, ndipo tsiku lomaliza chitseko chidzatsekedwa iwo ali komweko.

Ndinabwerera kunyumba. Amayi ankasenda chinangwa pakhonde. Nditawafotokozera, mpeni sanausiye. Anati, "Unayankha bwino poyamba paja. Abambo ako amagona kunja kuti iwe ugone m'kati. Zinazo udzazidziwa ukakula." Ndakulako, koma zinazo sindinazidziwebe. Chomwe ndadziwa ndi chakuti mawu amenewa ndi opepuka kwa wowanena, olemera kwa wowasenza. Muwasamale, achemwali. Anthu akamafunsa za inu masiku ano timayankha kuti mukupita kunja. Ndi mawu omwewo. Kuyambira mkucha, wakunja ndi inu.

Cholakwa chachiwiri simunachimvepo, chifukwa Ababa anandilonjeza kuti sadzauza munthu, ndipo sanauze. Ndinali Sitandade 5. Tinali titaonerera ubatizo wa ana kutchalitchi, ndipo ine ndinaona kuti ntchito yake si yovuta: madzi pang'ono, mawu pang'ono. Loweruka lina masana, Ababa akugona atachokera ku shifiti, ndinatunga madzi m'kapu yobiriwira ija ya pulasitiki. Ndinagwada pambali pa mphasa ndi kuwathira pamphumi katatu. Mawu ndinanena monong'ona, ndipo ndi mantha ndinawasokoneza, ndinayambira kumapeto. Ababa anatsegula diso limodzi.

"Denga layamba kudontha mu Okutobala?"

"Ayi, Ababa."

"Nanga ndikuyaka?"

Ndinaulula. Anadzuka, anakhala tsonga, anapukuta nkhope ndi malaya. Sanakalipe. Anafunsa kuti ndawapatsa dzina lanji, poti anamva kuti obatizidwa amalandira dzina latsopano. Ndinati za dzina ndinaiwala.

"Ndiye ntchito yanu ndi yoperewera, abusa," anatero. Kenaka anandigwira khutu, osakoka. "Tamvera iwe. Ine ntchito yanga ndi kugwira anthu odutsitsa zinthu pampanda mozemba. Tsono iwe ukufuna kundidumphitsa mpanda wa Mulungu ine ndili mtulo. Ukuganiza kuti kumeneko kulibe mlonda?"

Anamwa madzi otsala m'kapumo ndi kugonanso. Mpaka lero tikakhala awiri amanditchula abusa.

Ndakuuzani izi kuti mudziwe kuti ndikukumvetsani. Inu simudana nawo Ababa. Mukuwaopera. Inenso ndinkawaopera, ndinkagona ndikuona moto, ndikuona Ababa ndi chijasi chawo m'motomo. Chikondi chikasakanikirana ndi mantha chimachita zopusa. Changa chinatenga kapu ya madzi, chanu chatenga kukhala chete. Zonse ndi kukankha munthu, ndipo Ababa sakankhika. Mphambano ya kumalayini, achemwali. Musaiwale.

Cholakwa chachitatu ndiye chondichititsa manyazi, ndipo ndachilemba kawiri ndi kufufuta. Mukukumbukira kuti Amayi atamwalira ankhoswe anawasudzula Ababa monga mwa mwambo, ndipo poti analibe mudzi wobwererako, kampani inawapatsa chipinda kumalayini. Ife tinatsala pamudzi wa Amayi ndi amayi aang'ono. Chaka chomwecho ndinayamba Fomu 1, ndipo ndinalowa gulu la mapemphero la kusukulu, kwenikweni chifukwa ndi gulu lokhalo lomwe munthu angakhalemo osalankhula, anthu ndi kumaganiza kuti akupemphera. Loweruka lina tinapita ku Luchenza kukagawa timapepala ta uthenga. Pa bwalo panali gule wa tchopa. Ng'oma zinkamveka mpaka kumsika, ndipo pakati pa ovina panali Ababa, zikopa m'chiuno, chithumba kumsana, fumbi mpaka m'mawondo. Ankavina bwino, achemwali. Zimenezi ndinaziona ngakhale tsiku limenelo.

Mnzanga wina anati, "Taonani mdala uyo, ziwanda zokhazokha." Wina anandiyang'ana ndi kufunsa, "Kodi Dayitoni, si abambo ako awo?"

Ndinati, "Ayi. Ndi alonda a kufupi ndi kwathu."

Bwalo la ovina linali litazungulira, ndipo Ababa anali pafupi kwambiri, moti ndikanatambasula dzanja ndikanawakhudza. Sanaphonye phazi ngakhale limodzi. Ndinadzinamiza kuti ng'oma zinaphimba mawu anga.

Sabata yotsatira ndinapita kukawaona. Anandiyalira mphasa, anandithirira tiyi, ndipo pondipatsa kapu anati, "Takulandirani, aneba." Kamodzi kokha. Kenaka anafunsa za sukulu, za masamu, za inu. Ndikanakonda akanandimenya. Pochoka anandiperekeza monga mwa nthawi zonse, koma tisanafike pamsewu waukulu anaima pa mtengo wa bulugamu. Anati, "Ine ndibwerere pano, anzako angakuone uli ndi ine." Sananene monyoza. Ankandithandiza. Ndinayenda mtunda wonsewo ndikulira ngati mwana, anthu otchola tiyi akundiyang'ana.

Ababa ali choncho, ndipo izi muzidziwe bwino. Sabweza mawu. Ukawakankha amangobwerera m'mbuyo phazi limodzi kuti akupatse malo, ndipo amakhala pomwepo mpaka iwe mwini uwaitane. Zinanditengera miyezi itatu kuti ndiwagwire dzanja pa bulugamu paja ndi kunena kuti tiyeni mpaka pamsewu. Inu mulibe miyezi itatu. Muli ndi mawa m'mawa.

Cholakwa chachinayi ndi cha chaka chatha. Ndinawafunsa mwachindunji chifukwa chomwe safunira kubatizidwa. Tinkasoka nsapato zawo za kampani panja, ine ndikugwira, iwo akuboola. Anakoka ulusi mpaka kumapeto.

"Kalasi ndinalowako," anatero. "Iwe usanabadwe, Eneresi ali kumsana. Amako anachita kundikoka. Miyezi isanu ndi umodzi ndinaphunzira, mafunso awo onse ndinkayankha. Kutatsala masabata awiri ndinati nanenso ndifunseko langa limodzi. Ndinafunsa akulu a mpingo kuti amayi anga ali kuti."

Agogo amenewa tonsefe sitinawaone. Anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, anawoloka Ruo madzi ali m'chifuwa, Ababa ali kumsana. Anatchola tiyi pa esiteti yomwe ino mpaka zala zinapindika. Chichewa ankangodziwa cha moni ndi cha pa sikelo. Akapitawo a nthawi imeneyo nawonso ankawatchula akunja, kutanthauza obwera. Ababa akuti m'mawa uliwonse, asananyamule dengu, Agogo ankaima pakhomo kuyang'ana kuphiri ndi kuitana Muluku, monga Alomwe amamutchulira Mulungu. Ankamuuza zonse, ngakhale za msana ndi za mchere. M'tchalitchi sanalowemo, chifukwa zolalikidwa sankazimva, ndipo palibe anapita kukawafotokozera m'chinenero chawo.

"Akulu a mpingo aja anali munthu wabwino," anapitiriza Ababa. "Sanafune kundinamiza. Anayang'ana pansi, anati monga iwo anaphunzirira, wofa asanalandire Ambuye ndi wotayika. Ndinawathokoza, ndinatenga chipewa changa. Munthu anandibereka kuwoloka Ruo, ndiye ine ndikalowe m'nyumba yabwino, iye ndi kumusiya panja? Komanso uyo ankamuitana m'mawa uliwonse anali ndani? Alipo awiri?"

Apa ndi pomwe ndinalakwa. M'malo mokhala chete, ndinawayankha ndi vesi lija la njira imodzi, lomwe inunso mumalikonda. Ndinatchula ndi chaputala chomwe, mawu ali m'mwamba, ngati ndili pa mpikisano wa masukulu. Munthu wangonditsegulira bala la zaka makumi awiri, ine ndikufuna mapointi.

Ababa anagwedeza mutu kuvomereza. "Njira imodzi, geti limodzi. Zimenezo ndikuzidziwa kuposa iwe, abusa, ndi ntchito yanga. Koma ndikuuze zomwe zinandichitikira ndili watsopano."

Akuti anawaika pa geti la nyumba ya bwana manijala, Mmalawi mnzathu, munthu wa tayi. M'mawa wina kunafika gogo wopanda nsapato, nkhuku m'dengu, mtolo wa nzimbe pamutu. Ababa, yunifolomu ili yatsopano, anati, "Kuno sitigula nkhuku, mayi, pitani kumsika." Gogoyo anayesa kufotokoza, iwo sanamve. Anakakhala patsidya pa msewu, pamthunzi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Galimoto ya bwana itafika, sinalowe pa geti. Bwana anatsika, anawoloka msewu, anagwada m'fumbi ndi thalauza lake losita. Gogoyo anali amayi ake a bwanayo.

"Ntchito inatsala pang'ono kutha tsiku limenelo," anatero Ababa. "Anandipulumutsa ndi gogo yemweyo, anati musiyeni mwanayu, akulondera bwino. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti geti ndi limodzi ndithu, koma mlonda sadziwa abale onse a bwana."

Ndinangogwira nsapato.

Musaganize kuti ndasiya Chikhristu, achemwali. Lamulungu lililonse mumandiona pa benchi yanga ya kumbuyo, ndipo sindipita chifukwa choopa amayi aang'ono. Ndimakhulupirira kuti aliyense wodzalowa adzalowa chifukwa cha Ambuye Yesu, osati chifukwa cha ufa kapena tchopa kapena ubwino wake. Koma mndandanda wa omwe Iye amawatcha abale ake sindinauone. Ndinafunsako anthu awiri. Abusa athu anati popanda kuvomereza ndi pakamwa palibe chipulumutso. Aphunzitsi athu a Baibulo kusukulu, nawonso mkulu wa mpingo kwawo, anati Mulungu adzaweruza munthu aliyense molingana ndi kuwala komwe anapatsidwa, ndipo sakolola pomwe palibe anafesa. Onse awiri anatsegula Baibulo lomwelo, onse awiri ndi anthu oopa Mulungu. Mwina Ababa akulakwitsa. Ine ndimawapemphererabe kuti tsiku lina adzabwerere ku kalasi ija, ndipo akadzabwerera ndidzakhala woyamba kuimba. Koma kunena kuti ndikudziwa komwe Agogo ali, kapena komwe Ababa akupita, kumeneko ndi kuima pa geti losakhala langa ndi yunifolomu yatsopano.

Tsopano ndinene za inu, ndipo mundikhululukire. Tsiku lija tinapita kukalambula manda a Amayi, ine ndinali kumbuyo kwanu ndi khasu. Ndinaona Ababa akutulutsa kapepala ka ufa m'thumba. Ndinakumvani mukuti, "Ababa, mukapitiriza zimenezi Amayi simudzawaonanso. Iwo ali kwina, inu mukupita kwina." Ndinaona akupinda kapepalako bwinobwino ndi kukabwezera m'thumba. Anati, "Ndamva, amama." Mukudziwa chifukwa chomwe amakutchulirani amama: nkhope yanu ndi ya Agogo. Ndiye ganizirani kuti mawu aja anawamva kuchokera pa nkhope ya ndani.

Kuyambira tsiku limenelo kumanda sanapiteko. Kale ankapita mwezi uliwonse, ankakhala pambali ndi kuwauza Amayi nkhani za pa esiteti, yemwe wakwatira, yemwe wachotsedwa ntchito. Tsopano udzu ndimazula ndine.

Pali china chomwe ndinaona. Malamulungu atatu apitawo, mapemphero ali m'kati, ndinatuluka kukamwa madzi. Kuseri kwa tchalitchi, pansi pa zenera la mbali ya kwaya, panali Ababa ndi chijasi chawo, atachokera ku shifiti, ataima chilili. Ankamvetsera inu mukuimba. Atandiona anaika chala pakamwa. Madzulo ake anandifunsa.

"Abusa, ndikati ndibatizidwe kuti Eneresi andilankhule asanapite, kumwambako zimawerengedwa?"

Ndinati sindikudziwa.

"Ine ndikuona ngati ndi kudumpha mpanda komwe kuja," anatero. "Kungoti ulendo uno ndili maso."

Achemwali, ngati mukufuna Ababa adzalowe m'tchalitchi, mukufuna adzalowe chonchi? Ndi mantha otaya mwana? Ine ndikuganiza kuti mukufuna adzalowe ndi miyendo yawo, ndi funso lawo lija litayankhidwa kapena atalileka okha. Zimenezo zingatenge zaka. Zingakanikenso. Koma munthu samva uthenga kwa mwana yemwe samulankhula. Ngati ndinu mukudziwa njira, ndiye musadule mlatho womwe iwo angadzadutsirepo. Mphambano ya kumalayini. Mphindi khumi zokha, minibasi za Limbe sizitha.

Za komwe mukupita ndinenepo pang'ono, poti mwinimbumba ayenera kutero. Amuna anu, alamu a Gilibati, atabwera pa Khirisimasi anatiuza kuti atangofika ku Joni, opanda pogona, anawatola ndi Myao wina wa ku Mangochi, Msilamu, yemwe anawagoneka m'chipinda chake miyezi iwiri ndi kuwapezera ntchito. Adzakutengani kuti mukawalonjere iye ndi akazi ake. Mukafika mugwade monga Amayi anatiphunzitsira. Chomwe aphike mudye, muthokoze. Nthawi yawo yopemphera ikakwana musapotoze pakamwa. Musawayang'ane ngati nkhuni zodikira moto, chifukwa munthu amaona m'maso mwa mnzake zomwe pakamwa pabisa. Kumeneko mudzakumana ndi a mitundu yonse, opemphera mosiyana ndi inu ndi osapemphera komwe, ndipo tsiku lina mudzasochera kapena kudwala, ndipo wokugwirani dzanja simudzamusankha.

Chikhulupiriro chanu musachisiye. Mupeze mpingo msanga, mulowe kwaya, mawu anu asachite dzimbiri. Munthu akakufunsani za Ambuye mumuuze mosaopa. Akapanda kufunsa, mumutungire madzi kaye. Juzi yofiira ija muitenge ngakhale mukuti ndi yachikale, alamu akuti kuzizira kwa kumeneko kumaposa kwa Thyolo mu Juni. Mukayambana ndi alamu musakhale chete masiku ambiri. Khalidwe limeneli muli nalo, ndipo ine ndili nalo, tonse tinatengera kumodzi. Amayi okha ndiwo ankadziwa kukalipa ndi kumaliza tsiku lomwelo. Muziimba foni kwa amayi aang'ono Lamulungu masana, ine ndizikhala pafupi.

Chatsala cholakwa chimodzi, ndipo ichi ndi cha dzulo.

Nditaweruka ndinadzera kumalayini. Ndinawapeza Ababa akusankha nyemba za kalongonda pa lichero. Sanafunse za inu, koma anafunsa kuti basi ya ku Joni imanyamuka nthawi yanji ku Blantyre, kenaka anafunsa kuti wakabaza mwapangana naye ndi uti, kenaka anati msewu wa kumtunda wakumbika, wanzeru angadzere wa kuno. Ndinawayang'ana akuchotsa timiyala m'kalongondamo kamodzikamodzi, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati, "Achemwali akuti aima pa mphambano kuti akutsanzikeni."

Simunanene zimenezo. Ndanama m'dzina lanu, ndipo ndikupepesa.

Ababa anapitiriza kusankha, kenaka anati, "Ndiye malaya oyera aja ndichape." Apempha mnzawo kuti asinthane shifiti. Akuti afika pa mphambano sikisi koloko isanakwane, kuopa kuti mungafulumire. Kalongonda uja ndi wanu. Ndinawafunsa za ufa, poti ndikudziwa kuti ndi zomwe mungaope. Anati, "Za ufa ndithana nazo ndekha lero, iye asaone. Mkucha ndikungofuna ndimuone nkhope." Ndiye palibe chomwe adzakuchititseni chotsutsana ndi pemphero lanu. Simukuyenera kubweza zomwe mumakhulupirira. Simukuyenera kupepesa ngati mtima sunafike. Mukhozanso kuwapempherera pomwepo, mokweza, m'dzina la Yesu. Ndikuwadziwa, adzavula chipewa.

Inenso ndidzakhala pomwepo, piriyodi yoyamba indidutse. Wakabaza akapanda kuima, ndidzawauza ndekha kuti bodza linali langa, kuti inu simunalonjeze kanthu. Sindidzakudani, mudzakhalabe achemwali anga ondichapira matewera. Koma ndidzakhala nditawaimika Ababa pamsewu ndi malaya oyera pachabe, ndipo ndikudziwa zomwe adzachite. Adzati mwina anachedwa, basi sidikira munthu. Adzabwerera m'mbuyo phazi lina.

Ndisanachoke dzulo anandipempha chinthu. Mwina simukudziwa kuti wina wa ife akakhala pa ulendo, Ababa amamutchulira Muluku malo onse odutsamo, limodzi limodzi, kuti pasakhale dera lomwe mwana wawo akuyenda osadziwika. Ine nditapita ku mpikisano wa masamu ku Zomba anachita choncho. Ulendo wanu akuudziwa mpaka pakati. Anawerenga pa zala: Luchenza, Limbe, Blantyre, Mwanza, Zobue, Tete. Anati, "Kupitirira Tete ndine wakhungu. Kusukulu kwanu kuli buku la mapu, ukandionere mayina otsalawo."

Lero m'mawa popita kusukulu ndinakumana nawo akuchokera ku shifiti. Ndawauza kuti tsamba limenelo linang'ambika.

Silinang'ambike, achemwali. Ndaliona, mayina onse alipo, ndipo alamu anakulemberani omwewo pa foni. Koma ndikufuna akawamve kwa inu. Ngati mudzasowe chonena mukatsika pa njinga, yambirani pamenepo. Muwauze kuti mukachoka Tete mulowera kuti, mugona pati, muwoloka mtsinje wanji. Munene pang'onopang'ono, ndipo mubwereze kawiri. Ababa salemba, amasunga pamutu.

Muyende bwino, mwana wa Amayi.

Ndine mlongo wanu,
Dayitoni